Sipika Yakumanja ya a Everisto

A Everisto anali ndi masipika awiri aatali ngati mafiriji, koma kwa zaka zisanu ndi zinayi yolira inali imodzi. Yakumanzere inkaimba mpaka malata kunjenjemera. Yakumanja inkangokhala duu, itafundidwa chitenje, ndipo akazi awo, a Margarida, ankaikapo fulasiki ya tiyi.

Nkhani yake inali ya ampulifaya, bokosi lopatsa sipika mphamvu. Lilipo la sitiriyo, limodzi lokankha masipika onse awiri. Lilipo la monobuloku, lokankha sipika imodzi yokha, moti pamafunika awiri ofanana. Ku Boma kuno ngakhale ogulitsa tomato amazidziwa zimenezi, osati mwa kufuna kwawo. A Everisto anakonza mainjini a maboti pa Zambezi zaka makumi atatu, ndipo nzeru zawo zonse zinachokera kumeneko.

“Munaonapo maboti awiri akuyendera injini imodzi?” ankafunsa. “Lina likamira, linzake litani?”

Monobuloku yoyamba anaigula yakale ku Lusaka. Inzake inapsa kalekale kwa mwini wake. Anaifungata pamiyendo ulendo wonse wa basi, yolemera ngati thumba la simenti, chikwama cha zovala n’kuchiiwala pa Luangwa Bridge. Anafika akutsimphina, akumwetulira.

“Nanga ya sipika inayi?” anafunsa a Margarida.

“Ikubwera, amake Bupe.”

Vuto linali lakuti nyimbo zakale zimene ankakonda zinajambulidwa mogawa: gitala mbali ino, woimba mbali inayo. Choncho m’nyumbamo gitala ankafunsa tsiku lonse, womuyankha kulibe.

“Woimbayo ali kuti, atate ake Bupe?”

“Ali kumanja.”

“Adzatuluka liti?”

“Mtima pansi, mkazi iwe. Zinthu zabwino sizithamangiridwa.”

Munthu wobwera kudzabwereka sipanala ankatuluka patapita maola awiri, wopanda sipanala. Mayi wina wa ku Zumbo anaima pakhomo kufunsa njira, nsomba zake zinayamba kununkha ali pomwepo. Loweruka lina munalowa alaliki awiri oyenda khomo ndi khomo. Anatuluka atagwira pepala lojambulidwa mawaya, Baibulo asanalitsegule, ndipo kuyambira pamenepo nyumbayo ankailambalala.

A Lovewell, mnzawo wa a Everisto, wadazi wokonza mawailesi kumsika, anayesa kuthandiza.

“Bwanji tingolumikiza masipika onse pa imodziyi? Mawaya awiri chabe.”

A Everisto sanawapatse moni miyezi iwiri.

Patapita zaka zinayi a Lovewell anapeza monobuloku ina kwa mnzawo wa ku Chipata, n’kuibweretsa pa wilibala, thukuta lili kamukamu. A Everisto anaizungulira, anainunkhiza, kenako anabwereka sikelo ya nsomba n’kuyeza zonse ziwiri. Yatsopanoyo inapepuka makilo awiri.

“Si mapasa awa. Khutu lina lidzadya bwino, lina lidzagona ndi njala. Bwererani nayo.”

A Margarida ankaseka nawo masiku amenewo. Analeka kuseka ataona kuti voliyumu ikukwera mwezi uliwonse, ndiponso kuti akaitana kuchokera kukhichini palibe woyankha. Anawakakamiza kupita kuchipatala ku Katondwe. Dokotala sanazungulire: phokoso la mainjini linadya makutu onse, ndipo pang’ono potsalapo sipakhalitsa.

A Margarida anaimbira foni mwana wawo Bupe ku Lusaka. Bupe anabwera ndi sitiriyo yatsopano, ili m’katoni mwake.

“Adadi, ingoyesani. Mukaipidwa nayo ndibwerera nayo.”

“Wati chiyani?”

“Ndati INGOYESANI!”

“Wandibweretsera mbale imodzi yoti anthu awiri azilimbirana. Zikomo mwanangu, ika pansi pa bedi.”

Bupe atapita, a Margarida anakhala pafupi ndi khutu limene linkamvako, n’kulankhula mokweza, aneba onse akumva.

“Ine nyimbo sindikuzifuna. Ndikufuna inu mumve woimba wanu uja makutu asanatseke. Kamodzi kokha.”

A Everisto anayang’ana chitenje chija.

“Ndikatsegula katoniyo n’kupeza kuti ikulira bwino, ndiye kuti zaka zonsezi ndimadikira chiyani?”

A Margarida anaimirira. Anakatenga madzi n’kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Makutu anatseka chaka chotsatira. A Everisto sanavomere. Ankakhala pampando, dzanja lili pa sipika yakumanzere, akugwedeza mutu kutsatira kunjenjemera kwa thabwa. Tsiku lina a Lovewell anawapeza akugunda phazi pansi.

“Mverani besi imeneyo!” anakuwa a Everisto.

Pa wailesi ankaulutsa uthenga wa maliro. A Lovewell anangogwedeza nawo mutu.

Ngakhale pamenepo, basi ya ku Lusaka ikafika ankapita kukafunsa kondakitala ngati pali katundu wolemera wa dzina lawo. Palibe anawatumizira kanthu. Kondakitala ankangopukusa mutu, iwo n’kunena kuti, “Chabwino, Lachisanu.”

Anamwalira mu Okutobala chaka chatha, kutentha kuli pachimake, atakhala pampando womwewo masana.

Patapita sabata zitatu, achibale onse atabwerera kwawo, a Margarida anaitana a Lovewell. Anakoka katoni pansi pa bedi, anapukuta fumbi, anachotsa fulasiki ndi chitenje.

“Lumikizani.”

“Alamu, mwini wake sakanafuna.”

“Mwini wake ali kumanda. Lumikizani.”

Ntchitoyo sinakwane mphindi khumi. Gitala anayamba kumanzere monga mwa masiku onse. Kenako kumanja kunatuluka mawu a mwamuna, oyera, akuluakulu, ngati waima pafupi ndi zenera. Kumbuyo kwake kunali azimayi atatu oyankha, amene a Margarida sankadziwa n’komwe kuti alimo m’nyimbomo. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo.

“Chikusowapo n’chiyani, a Lovewell?”

“Mwina monobuloku ikanaposa pang’ono...”

“Musandinamize. Ndafunsa chikusowapo.”

A Lovewell anakanda dazi lawo. “Palibe, alamu.”

“Zimitsani.”

Tsopano njira ya kumsika yafupika. Munthu umachoka pakhomo, umagula zako, umabwerera dzuwa lisanasunthe, palibe wokugwira mkono kuti akuuze za mawaya. Tinkadandaula kuti a Everisto amatichedwetsa. Nthawi imene tapulumutsayo palibe akudziwa chochita nayo. A Lovewell amatseka shopu yawo msanga chifukwa alibe wokangana naye.

Masipika onse awiri ndi olumikizidwa, magetsi alipo, koma m’nyumbamo muli zii. Bupe anafunsa pafoni ngati sitiriyo ija yawonongeka.

“Ayi,” anatero a Margarida. “Imalira bwino kwambiri. N’chifukwa chake sindiiyatsa.”