Mmene Zakeyu Anasowera Poyezera

Ikani kaye matepiwo pansi, anyamata inu, mumve za mwambi uja amisiri a zitsulo amaponyera munthu wothamangira kukongoletsa chinthu asanachiyeze. Sunagwe kuchokera kumwamba ayi. Chiyambi chake chinali chotere.

Ku Mchesi kunali mmisiri wina wowotcherera zitsulo, dzina lake Zakeyu. Manja anali nawo ndithu, koma chimene ankayenda nacho modzitukumula chinali kompyuta yakale imene anagula kwa msuweni wake. Mmenemo munali pulogalamu yojambulira zinthu zisanadulidwe, yomvera ngati mwana woleredwa bwino. Ukajambula mzere n'kuulamula kuti ukhale masentimita 60, mzerewo unkakhala 60 zivute zitani, ndipo mizere ina yonse yolumikizana nawo inkasuntha yokha kuti lamulo lako lisaswedwe. Zakeyu ataona zimenezi anaponya tepi yake m'chitini cha misomali, n'kumauza aliyense kuti tepi ndi ya anthu amene sukulu inawakana.

Mtima wake unali ku Kawale, kwa Felesiya, mwana wa Mayi Nachisale ophika masikono. Chinkhoswe chinali chitaikidwa kale Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, ngakhale mayiwo sankamukhulupirira kwenikweni mnyamata wa pakamwa pambiri ameneyu. Anali ndi uvuni yanjerwa imene malemu amuna awo anawamangira, khomo lake masentimita 62, ndipo mathireyi ake anali atadyeka ndi dzimbiri. Tsono mlongo wawo wa ku Joni anawatumizira chitsulo chimodzi chachikulu chosachita dzimbiri.

"A Zakeyu," anatero mayiwo, "akuti inu ndinu mmisiri. Chitsulo ndi ichi, chimodzi chokha. Mutulukamo mathireyi sikisi, mulifupi sikisite, mulitali eyite, ngati akalewa. Masikono a pachinkhoswe chanu apsere mmenemo. Akapsa, ndidziwa kuti mwana wanga akupita kwa munthu. Akapanda kupsa, tikambirananso."

"Mayi, musadandaule. Zimenezi kwa ine ndi kumwa tiyi."

Pochoka ananyamula ndi mathireyi akale omwe, ati asamachititse manyazi pakhomo. Tsiku lomwelo anawadula n'kupanga mbaula zitatu.

Mawa lake anakhala pakompyuta n'kujambula thireyi, mizere inayi ndi ngodya zinayi zakuthwa. Mzere waufupi anaumanga pa 60, wautali pa 80. Akanalekera pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma anakumbukira chipsera chimene chinali pamkono wa Felesiya, pomwe ngodya ya thireyi yakale inamucheka ali mwana, ndipo chifundo chinamugwira. Anaganiza zosalaza ngodya zonse kuti zikhale zokhota bwino, iliyonse masentimita asanu. Anadina kanayi, ngodya n'kusanduka zozungulira ngati m'mphepete mwa mbale. Zakeyu anadziwombera yekha m'manja.

Kenaka anayang'ana manambala. Pamene panali 60 panalembedwa 50, pamene panali 80 panalembedwa 70.

Apa mvetsetsani. Thireyi sinachepe ngakhale pang'ono. Nambala ija inali yomangidwa pa mzere wowongoka, ndipo kukhota kuja kunadya masentimita asanu uku, asanu uko, mzerewo n'kutsala 50. Kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo panali 60 yemweyo. Koma Zakeyu sanaone thireyi, anangoona nambala.

"Iwe kompyuta, ukufuna kubera apongozi anga?" anatero. Anafufuta 50 n'kulemba 60, anafufuta 70 n'kulemba 80.

Pulogalamu sinatsutse, chifukwa siitsutsa munthu. Inatambasula mzere wowongokawo mpaka 60, n'kukankhira ngodya zokhota zija kunja. Thireyi inanenepa kufika 70 mulifupi ndi 90 mulitali, koma pagalasi la kompyuta njovu ndi mbewa zimakwana mofanana, choncho Zakeyu sanaone kusintha kulikonse.

Lachitatu anakweza chitsulo pagalimoto kupita nacho ku Kanengo, kumene kunali makina odula motsatira chojambula cha pakompyuta. Woyendetsa makinawo anali a Jailosi, munthu wa imvi, wosakonda kulankhula kawiri. Atatsegula chojambulacho anakanda pachibwano.

"Achimwene, mwati mukufuna angati?"

"Sikisi."

"Pachitsulo ichi pakukwana atatu okha."

"Ndiye kuti a ku Joni anatumiza chitsulo choperewera."

"Chitsulo chili bwino. Muyeso wanuwu mwaumanga pa mzere umene mwaudula kale mutu ndi mchira. Mukachotsa ngodya, muyeso muziumanga kuchokera mbali iyi kukafika mbali iyo. Tiyeni tiyeze limodzi, sizitenga nthawi."

"Madala, inu ntchito yanu ndi kudina batani. Nambala ikuti chiyani apo?"

"Ikuti sikisite."

"Ndiye dulani."

A Jailosi anadina batani lawo. Safunsa anadya phula, koma uyu anachita kuuzidwa kuti ndi phula n'kupempha supuni. Anabwerera ku Mchesi ndi mathireyi atatu, n'kuwawotcherera kampanda m'mphepete monse, mosamala kwambiri, mpaka anawala ngati galasi.

Lachisanu masana kwa Mayi Nachisale kunali yakaliyakali. Azimayi anali atakanda ufa mabeseni atatu, yisiti yagwira, ufawo ukutukumuka mpaka kusefukira. Uvuni inali itatentha kale. Zakeyu anafika atasenza mathireyi ake, ndipo azimayi anayimba nthungululu poona kunyezimira kwake. Felesiya anasisita ngodya imodzi ndi chala n'kumwetulira, Zakeyu n'kumva ngati wakula msinkhu.

Anandandalika masikono pathireyi yoyamba. Mayi Nachisale anainyamula kupita nayo pakhomo la uvuni. Gu! Anabwerera pang'ono n'kuyesanso. Gu! Anaipendeketsa, masikono awiri n'kugwera m'phulusa, koma khomolo linali lalifupi kumwamba ndipo sinalowebe.

"A Zakeyu, thireyi yanu ikukana."

"Sizingatheke, mayi. Uvuniyi ndiyo yafota ndi moto."

"Zaka makumi awiri isanafote, yadikira lero?"

Zakeyu anaitanitsa tepi, popeza yake inali m'chitini ku Mchesi. Anabwereka ya telala woyandikana nawo. Anagwada kuti ayambire pangodya monga amisiri onse amachitira, koma ngodya panalibe. Anapita mbali ina, anapeza pokhota. Anazungulira thireyi yonse atagwira tepi m'manja, anthu akumuyang'ana. Pomaliza anaika tepi pomwe mzere wowongoka ukuyambira, n'kuikoka mpaka pomwe ukuthera.

"Mwaona? Sikisite ndendende!"

"Chabwino," anatero Mayi Nachisale. "Nanga zokhotazi zitsala panja?"

Anatenga chingwe, anayeza khomo la uvuni n'kumanga mfundo, kenaka anachigoneka pathireyi. Thireyi inapitirira mfundoyo ndi chikhatho chathunthu. Anafunsa za mathireyi akale kuti mwina apulumutse ufa wawo. Zakeyu anayankha chapansipansi kuti tsopano ndi mbaula, ndipo imodzi akuotcherapo chimanga pa depoti.

Munthu wanzeru akanapepesa n'kuthamanga kukabwereka mathireyi kwa ophika ena. Koma Zakeyu anali ndi manyazi, ndipo manyazi ake anasanduka ukali. Ngati nambala ili yolondola, ndiye kuti wolakwa ndi uvuni. Anatola hamala ndi tchizulo.

"Ndingochotsa njerwa imodzi mbali iyi, ina mbali iyo. Basi."

"Musakhudze uvuni ya malemu!" anakuwa mayiwo.

Koma mnyamatayo anali atamenya kale. Njerwa yoyamba inatuluka bwinobwino, ndipo Zakeyu anatembenuka kuti aone ngati Felesiya waona. Yachiwiri ndi imene inkanyamula denga lonse. Uvuni inakhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, phulusa lotentha n'kukwera m'mwamba, kenaka n'kutsikira m'mabeseni onse atatu.

Mayi Nachisale anakhala pampando n'kuyang'ana mulu wa njerwa umene unkawakumbutsa amuna awo tsiku lililonse, ndipo misozi inatsika. Madzulo omwewo anatuma uthenga kwa ankhoswe kuti mawa kulibe chinkhoswe.

Patapita sabata anaitana mmisiri womanga, mnyamata wofatsa dzina lake Lufeyo. Iye asanagwire njerwa anapempha kuona mathireyi. Anawayeza ndi chingwe kuchokera mbali mpaka mbali, anabwerezanso kachiwiri, n'kumanga uvuni ya khomo la masentimita 72. Ntchitoyo inatenga masabata atatu, ena amati ikanatha m'masiku asanu, koma tiyi wa mmisiri ankabweretsa ndi Felesiya.

Mu Disembala mathireyi a Zakeyu analowa mu uvuni mosakhula paliponse, ndipo sanapsereze ayi, anaphika masikono ofewa bwino a pachinkhoswe cha Felesiya ndi Lufeyo. Kunena zoona, ngodya zake sizinacheke munthu aliyense.

Zakeyu sanaitanidwe. Tsiku limenelo anali ku Kanengo ndi chojambula china, tepi ili m'thumba. A Jailosi anamva nkhani yonse osaseka, anamuthandiza kumanga muyeso pamalo pake, ndipo Zakeyu atatuluka anauza anzawo mawu amene amisiri akubwereza mpaka lero: "Wosalaza ngodya anasowa poyezera."