Penshoni ndi Mphotho ya Apakatikati

Lolemba

Nkhani yabwino m'chaka choipa! Asiyatu, mwana wa Abiti Saidi, amene ndinamuphunzitsa masamu mu Sitandade 5 pano pa Nkaya, walandira mphotho kunja. Kalata ili m'Chingerezi, ndiye amayi ake abwera nayo kwa ine mphunzitsi wopuma. Akuti ndi ulemu wa ofufuza amene afika pakati pa ntchito yawo, osati ongoyamba, osati okalamba, ogwira ntchito pamene zachuma zimakumana ndi makompyuta. Ndamasulira mwachidule: mphotho ya apakatikati. Mawu akuti Loweruka ndawaonanso m'kalatamo, ndiye Asiyatu akubwera Loweruka pa sitima, timulandira ndi phwando.

Zofunika paphwando:
1. Mawu (ine).
2. Mabenchi (kutchalitchi).
3. Mikeka (kumzikiti).
4. Penshoni.

Penshoni ndi mbuzi yanga yomaliza. Mayi a kunyumba akuti imeneyo ndi chimanga chathu cha Febuluwale choyenda ndi miyendo inayi. Ndawalonjeza kuti tingoimangirira pamtengo, alendo aone kuti sitinatheretu. Sitiipha.

Lachiwiri

Abiti Saidi sakundiyankha moni. Akuti mwana wawo wawerenga mpaka kuvala magalasi, ndiye amupatse ya apakatikati? "Nanga ya nambala wani anapatsa mwana wa ndani?" Ndafotokoza katatu. Iwo atulutsa lipoti la Sitandade 5 lomwe alisunga m'chitini zaka zonsezi. Dzanja langa lenileni: "Wapakatikati." Manyazi andigwira. Pofuna kuziziritsa mitima ndanena kuti paphwando padzakhala mbuzi. Sindinanene kuti yamoyo kapena yakufa.

Chakudya cha lero: mango osapsa owiritsa. Penshoni wadya bwino kuposa ine.

Lachitatu

Pamsika akundifunsa kuti zachuma ndi makompyuta zimakumanirana pati. Ndayankha kuti zili ngati njanji zathu zino, ina yochokera ku Limbe, ina yolowera ku Nayuchi. Ndawonjezera kuti Asiyatu amaphunzitsa kompyuta kugawa zinthu zochepa kwa anthu ambiri popanda wodandaula. Ndikanangotseka pakamwa!

Pofika masana nkhani yapsa. Akuti Asiyatu ndiye mwini kompyuta imene imasankha mayina a olandira chimanga cha thandizo.

Lachinayi

Pakhomo panga pali mzere. Ena achokera ku Kalembo, msodzi wina akuti wapalasa njinga kuchokera ku Chiuta. Aliyense ndi thumba lopanda kanthu. Zimene akufuna:
- dzina lawo lilowe;
- dzina la mnansi wawo lituluke;
- mayi wina akufuna kompyuta idziwe kuti malata a nyumba yake anagula ndi malemu amuna ake, isamuyese wolemera.

Ndakuwa kuti chimanga kulibe, kuli mphotho ya apakatikati basi. Bambo wina wavula chipewa n'kuti: "Ndiye ndi yathu imeneyo, aphunzitsi. Osaukitsitsa analembedwa, olemera ali ndi nkhokwe. Apakatikati ndi ife." Mzere wawonjezeka. Zoona zake, inenso ndili m'gulu lomwelo.

Lachisanu

A Shehe afika atangotuluka kumzikiti, mpeni uli m'nyuzipepala. Akuti amva za mbuzi, ndipo kuti Asilamu ndi Akhristu adye limodzi, ndi bwino achinje ndi iwo. Ndati iyayi, mbuziyi ndi yongoonera. Aseka mpaka kutsokomola, akuti aphunzitsi nthabwala sizitha. Kumbuyo kwawo kwaima Abiti Saidi ndi chitini chija. Ndangoti mawa mmawa.

Mayi a kunyumba alankhula kamodzi tsiku lonse: "Mu Febuluwale tizidzatafuna Chingerezi chanucho." Ndikuopa. Penshoni akundiyang'ana ngati akudziwa.

Loweruka

Penshoni wapita nthawi ya seveni.

Sitima yafika, yamalasha yokhayokha. Tayimba nyimbo yolandira alendo, oyendetsa atibayibitsa. Asiyatu kulibe! Abiti Saidi amuimbira foni n'kukweza mawu kuti tonse timve. Asiyatu akuti Loweruka la m'kalata ndi tsiku la mwambo wa kunjako, osati lobwera kuno. Anthu onse atembenukira ine.

Atamva za "apakatikati" Asiyatu waseka, akuti aphunzitsi munalosera kalekale. Za chimanga wanena mosabisa kuti alibe kompyuta yotero. Matumba apindidwa mwakachetechete. Zandimvetsa chisoni kuposa mbuzi.

Koma nyama ilipo, anthu ndi ambirimbiri, ndipo kukankhana kwayamba. Abiti Saidi amufunsa Asiyatu pafoni pomwepo kuti maphunziro ake onsewo akuti chiyani pa mbuzi imodzi. Wayankha: "Wodula nyama asankhe pomaliza. Adzadula mofanana, poopa kutsala ndi kachidutswa kakang'ono." Anthu awomba m'manja. Wodula ndani? Mphunzitsi wa masamu.

Ndawerenga anthu, ndadula mosamala kuposa mmene ndinkachongera mayeso. Palibe chidutswa choposa chinzake. Ndaiwala chimodzi chokha, kudziwerengera ndekha ndi mayi a kunyumba. Pofika nthawi yanga patsala nyanga ziwiri ndi chingwe. Mawu anga a masamba anayi sanawerengedwe, akulungiramo nyama.

Lamulungu

Akuti aka n'koyamba chaka chino kugawa kanthu pa Nkaya popanda ndewu. Maphunziro a Asiyatu amagwiradi ntchito, umboni ndine.

Abiti Saidi abwera ndi lipoti lija, cholembera ndi kambale ka madeya. Ndafufuta "wapakatikati", ndalemba "Nambala wani", ndasaina. Andiyankha moni.

Khola lili pululu, Febuluwale ali pakhomo, mawa ndikafunafuna ganyu. Mayi a kunyumba ayala nyanga ziwiri ndi chingwe pamkeka. Akuti ndigawe, asankha ndi iwo.