Tchizi ya Apongozi

Lolemba

Uthenga wafika m'mawa, kudzera mwa akazi anga, amake Rozi, monga mwa nthawi zonse. Apongozi akuti ng'ombe yanga Nkhungu ichoke. Lamulungu kukubwera achimwene awo, a Makwinja, mwini mbumba, kuchokera kunyanja. Akangovomereza, Nkhungu ikupita kwa abutchala.

Milandu ya Nkhungu:
1. Yadya nazale ya mpunga ya apongozi, ngodya yonse ya kum'mawa.
2. Imalira anthu ali pa pemphero.
3. Mkaka wake pofika masana wasasa. Pamudzi pano palibe amaumwa, ndipo ku Zomba pa njinga umakafika uli chambiko.

Mawu enieni a apongozi: "Chikhala imatulutsa chinthu choti munthu n'kudya." Ndawalemba, ndawadulira mzere kunsi.

Kuno ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine koma dothi ndi lawo. Munda ndi wawo. Ana, mukafunsa bwino, ndi awo. Zanga ndi njinga, satifiketi ya JC, ndi Nkhungu, imene ndinayenda nayo wapansi kuchokera kwathu kwa Kuntumanji bambo atamwalira. Ikachoka, nditsala ndi pepala ndi matayala awiri.

Koma ndili ndi nzeru. Ndili ku sekondale, tsiku lina ndikutchetcha kapinga kunyumba ya ahedi, ndinaona akazi awo, mzungu, ali pakhonde akudya timibulu toyera ndi kasupuni, atatsinzina. Khukhi wawo anati ndi tchizi yofewa, yochokera ku mkaka wosasa, nandifotokozera kapangidwe kake. Mpaka lero ndimawaonabe mayi aja, atatsinzina, mphepo ikugwedeza katani kumbuyo kwawo.

Choncho: chambiko pamoto wochepa, osawiritsa. Chikalekana, madzi paokha mibulu payokha, kusefa pa kansalu koyera. Kupachika. Mchere pang'ono.

Kansalu koyera ndakapeza m'sutikesi ya amake Rozi. Kakulendewera mumtengo wa mango, kakudontha pang'onopang'ono.

Vuto ndi limodzi. Apongozi sindilankhula nawo maso ndi maso, ndipo sadya ine ndikuona. Chikwatirireni sindinaonepo nsagwada zawo zikutafuna. Mboni yanga idzakhala mbale.

Lachiwiri

Yatheka! Yoyera ngati akakowa. Fungo lilipo, sindikana.

Njira yoyamba: yokhayokha, ndi mchere. Munthu wokayika usamubisire kanthu. Ndaika supuni zitatu m'mbale yamaluwa, ndavundikira ndi inzake. Amake Rozi anyamula atatambasula mkono ngati atenga khoswe wakufa.

Akuti, "Inuyo mwalawa?"

Ndawauza kuti ndili ndi kachimfine, lilime silingaweruze bwino.

Kuntchito kusikimu ya mpunga tsiku lonse ndikulemba madzi a m'ngalande koma mtima uli pa mbale. Masana dzuwa likaswa, chilumba cha Chisi chimachoka pamadzi n'kumayandama m'mwamba, pansi pake popanda kanthu. Lero chayandama nthawi yaitali. Ndachiyang'ana mpaka mlimi wina wandikuwira kuti geti ya madzi ndaiiwala yotsegula.

Madzulo mbale yabwera. Yopanda kanthu! Yotsukidwa!

"Anati chiyani?"

"Alandira."

Basi. Koma apongozi sanena zambiri. Tsiku la ukwati wathu anangoti, "Chabwino."

Ndapita kukhola kukauza Nkhungu. Yandiyang'ana ikubzikula, ngati inadziwa kale.

Lachitatu

Njira yachiwiri: ndi papaya wakupsa, wodula timagawo, ndi shuga pamwamba. Choyera pa chofiira. Ndaimirira kaye kuiyang'ana, yokongola mwakuti kuitumiza kukundimvetsa chisoni.

Mbale yabwera yotsukidwa. Lero pali ndi uthenga: "Papaya adye okha. Shuga asamawononge."

Ndiye kuti aikonda yokhayokha! Ena zimawatengera zaka kuti afike pamenepo. Mayi amene amaphika kalongonda tsiku lathunthu kuti asaphe banja sangaope mkaka. Ndinawaderera.

Ndapita kumsika kukagula mchere. Pachipata anyamata a chipani akuona makadi. Yanga ndaipeza m'thumba la kumbuyo itanyowa ndi madzi a tchizi. Mmodzi wainunkhiza, wandibwezera msanga, osawerenga n'komwe. Ubwino wina umenewo.

Pobwerera, njinga ikuyenda yokha m'mbali mwa minda, ndaona zonse bwinobwino:
nyumba ya malata pafupi ndi doko, yopaka laimu;
m'kati nsalu zoyera makumi awiri zikudontha pamodzi ngati mvula ya m'mawa;
mabwato akunyamula tchizi kupita ku Chisi, opalasa atavala zipewa zoyera;
pa chitini chilichonse nkhope ya Nkhungu;
apongozi pakhonde, ndi kasupuni, atatsinzina.

Ndadzidzimuka tayala lakutsogolo lili m'ngalande.

Chimfine chikadalipo. Sindinalawe.

Lachinayi

Tsoka. Kansalu kaja ndi duku la amake Rozi la kumsonkhano wa amayi a mpingo. Msonkhanowo ndi wa Lachinayi lililonse. Ndimadziwa, koma sindinaganize kuti duku ndi limodzi.

Alichapa katatu ndi sopo, alivala likadali lonyowa. Abwerako nkhope ili gwa.

"Ntchentche zandiperekeza mpaka m'tchalitchi. Amayi a abusa afunsa ngati kwathu kwafa chinthu."

Ndayesa kufotokoza kuti chitukuko chilichonse chimayamba ndi fungo. Sanaseke. Duku alitsekera m'sutikesi, kiyi ali m'khosi. Ndang'amba malaya anga oyera a kusukulu, amene ndinalandirira satifiketi. Akusefa bwino kuposa duku.

Njira yachitatu: ndi tomato, anyezi ndi kambuzi pang'ono, pa chinangwa chophika. Amake Rozi apititsa, osandiyang'ana.

Chinangwa chabwerera. Tomato wabwerera. Anyezi wabwerera, atasankhidwa kachidutswa kalikonse n'kuikidwa pambali. Tchizi yokha ndi imene yatsala kumeneko. Uthenga: "Tsabola ayi. Aziisiya padzuwa ikhalitse, inunkhe bwino. Ndipo achulutse."

Inunkhe bwino! Khukhi uja ankanena kuti azungu enieni amafuna yonunkha kwambiri, yofika pomera nkhungu. Apongozi adumpha makalasi onse m'masiku atatu. Mwina dzina la ng'ombe yangayi linali ulosi.

Ndafunsa amake Rozi ngati mayi awo amatsinzina akamadya.

"Bambo a Rozi, mafunso anu amakhala abwino. Koma simufunsa lofunika."

Akadali ndi mkwiyo wa duku.

Lachisanu

Ndakama Nkhungu mpaka kamwana kake kandiyang'ana moipidwa. Tchizi ya dzulo yakhala padenga la khola mpaka m'mawa uno. Agalu a mudzi wonse akhala mozungulira, mwaulemu, ngati pabwalo la milandu. Ndatumiza kapoto kathunthu.

Popita kuntchito, panjira ya kudoko, ndangoona apongozi akubwera kutsogolo kwanga, kapoto kanga kali pamutu. Mwambo ndi mwambo: ndapatuka ndi njinga yomwe, kulowa m'tchire kuti adutse. M'tchiremo munali madzi ofika m'mawondo. Ndaima momwemo, nkhope kumbali, chipewa m'manja. Iwo adutsa akuyang'ana mbali inayo, nalonjera mtengo wa mgwalangwa: "Mwadzuka bwanji kumeneko?" Ine ndayankha bango: "Tadzuka bwino, kaya inu amayi."

Fungo latsalira panjira iwo atapita kale.

Akupita nayo kuti? Kudoko. Kudoko kuli ndani? A Makwinja! Akukawalawitsa achimwene awo mlandu usanafike. Apongozi asanduka loya wa Nkhungu!

Tsiku lonse nsapato zikulira madzi koma sindikumva. Chisi chayandama kuposa kale, ndipo pamwamba pake pakhala kamtambo koyera, kamibulumibulu. Ndaganiza zoti pa chitini paja tiikepo ndi dzina la apongozi, m'zilembo zing'onozing'ono.

Madzulo kwabwera mphatso kuchokera kwa a Makwinja: milamba inayi, yonenepa, ina ikupumabe. Chikwatirireni sanandipatsepo ngakhale thumba la matemba. Amake Rozi akuiwamba akuimba nyimbo, mapewa akugwedezeka. Akuti ndi utsi.

Loweruka

Ndapalasa njinga kupita kudoko kukathokoza a Makwinja, ndiponso kukamva maganizo awo pa za mawa.

Ndawapeza ndi mphuno ndisanawaone. Akhala pa bwato lovundikira, miono yawo yotchera nsomba ili mbwee pamchenga. Pambali pawo kapoto kanga. Akutapa tchizi ndi chikhatho, kusakaniza ndi gaga, kukulunga m'tsamba la nthochi, kuboola ndi kamtengo, n'kuponya m'mono. Wina. Winanso.

"Akamwini! Bwerani, bwerani. Mankhwala anuwa mwawatenga kuti? Gaga yekha ndinkapeza iwiri, itatu. Pano milamba ikuchita kukankhana pakhomo ngati pachigayo."

Ndafunsa, mawu ali pansi, ngati apongozi analawako.

Aseka mpaka kutsokomola. "Achemwali? Tsiku loyamba lomwe anabwera nazo atatseka mphuno, akuti mkamwini watumiza zowola, kaya ndi chipongwe kaya ndi sukulu, ndikatayire kutali. Ine ndinati tisataye, tiyese m'madzi."

Kenaka: "Koma za tsabola zija musadzabwerezenso. Mlamba sudya tsabola."

Ndakhala pamchenga. Nyanja ili phee, yotuwa. Chisi chakhala pamadzi ngati chilumba china chilichonse.

Kunyumba ndafunsa amake Rozi chifukwa chake sanandiuze.

"Munkafunsa za mbale. Mbale inkabweradi."

Nanga uthenga wa shuga, wa padzuwa?

"Unkachokera kunyanja. Amayi ankangopatsira."

Sizinathere pomwepo. Dzuwa likupendeka kwabwera mbale yamaluwa ija, yovundikira, kuchokera kunyumba ya apongozi. Aka n'koyamba kuti iwo anditumizire kanthu. M'kati supuni zitatu za tchizi, ya padenga ija. Uthenga: "Akuti amva kuti muli ndi chimfine sabata yonse. Akuti mudye ichi mawa pamaso pa malume, mwina chikuchizani."

Chakudya chochokera kwa apongozi mkamwini sabweza. Ndafufuza m'mutu mwambo wonse, mbali zonse, kufuna pothawira. Palibe.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi. Mphasa pansi pa mango, pomwe zonse zinayambira. A Makwinja pampando. Amake Rozi pambali, duku lili mbee. Apongozi kuseri kwa nkhokwe, kukuoneka mapazi okha.

Mbale patsogolo panga. Supuni yaikulu, chifukwa kasupuni m'mudzi muno mulibe.

Ndadya.

Ya Lachiwiri ija mwina inali yabwino, sindidzadziwa. Iyi inagona padenga, kenaka masiku awiri kwa apongozi. Ikuyamba ngati chambiko, pakati ikukhala ngati sokosi, kumapeto ikubwerera kudzafunsa ngati waimva. Ndatsinzina. Ndipo ndili chitsinzinire ndawaonanso mayi a pakhonde aja, katani ikugwedezeka kumbuyo kwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndadzifunsa chimene ankatsinzinira.

Supuni zitatu zonse. Kuseri kwa nkhokwe kwamveka mawu amodzi: "Chabwino."

Chigamulo cha a Makwinja:
1. Nkhungu ikhala.
2. Khola ndilimange ndi minga, nazale ndibzalenso ndekha.
3. Kapoto kamodzi masiku awiri alionse, kupita kudoko. Mchere ayi, papaya ayi, maganizo anga ayi.

Ndathokoza ndi m'manja.

Nyumba ya malata ija yapita, zipewa zoyera zapita. JC yanga yandifikitsa pa ukhukhi wa milamba. Malaya a satifiketi akulendewera mumtengo, akudontha za Lachiwiri likubwerali.

Ndiwo zamasana ndi mlamba wa Lachisanu uja. Amake Rozi apititsa mutu ndi chapamimba, ponona penipeni, kuseri kwa nkhokwe. Ndakhala chofulatira monga mwa mwambo, koma makutu alibe mwambo. Ndamva kutafuna. Ndamva kuyamwa minga, umodziumodzi, mosafulumira. Ndamva akuitanitsa wina.

Mlamba umenewo wadya tchizi yanga masiku atatu.

Ndapita kukhola kukauza Nkhungu kuti apongozi adya. Njira yake ndi yaitali pang'ono, imadzera m'nyanja, koma adya. Yandiyang'ana ikubzikula, kenaka yatembenukira kumene kuli nazale.