Chiboliboli cha a Dokotala chitapita kwa alamu

Inu, tamverani zimene zinawaonekera a Dokotala a masamu aja, oyenda ndi choko m'thumba la jekete ngakhale Lamlungu. Zaka khumi ndi zinayi akuphunzitsa pa yunivesite, uprofesa osabwera. Chaka chimenecho anawaitana: Lachisanu akayankhule pamaso pa komiti, akakhoza, mpando ndi wawo.

Mukafuna kudziwa chimene ankafufuza, khalani pansi kaye. M'masamu muli zinthu zina zooneka ngati chikopa chopindikapindika, zobadwa ku ma ikweshoni. Ntchito ya a Dokotala inali kuwerenga kuti chinthu choterocho ungachitembenuze njira zingati n'kumaonekabe mmene chinalili. Chimene ankanyadira nacho n'chakuti njirazo zimatha, zili ndi nambala yake. Chapamtima pawo chinali ndi njira 120 ndendende, zambiri mwa izo zooneka pa bolodi basi. Akazi awo atafunsa tsiku lina, anangoti, "Mayi, izi simungazimve."

Mu kabati ya dipatimenti munali chiboliboli cha chinthu chapamtimacho, cha pulasitala, chakale kuposa aliyense pamenepo: nyanga zitatu, mabowo odutsa, ndi mizere 27 yowongoka, yozokotedwa bwinobwino. Kiyi ankasunga ndi mkulu wa dipatimenti. A Dokotala kupempha? Iwowo? Anadikira tsiku limene kabati inatsala yotsegula, n'kuchinyamula kuti akayeserere kunyumba.

Pakhomo penipeni, akukankha chitseko ndi chigongono, chinthu chija pansi khu! Nyanga imodzi thyo!

Anatenga guluu wa nsapato. Nyanga inamatira ndithu, koma chopendama, ndipo chala chawo chinamatira limodzi. Pokoka chala, nyanga yachiwiri inatsatira chalacho. Apa mantha anawagwira zenizeni, chifukwa linali Lachitatu.

"Bambo, pitani nacho kwa achimwene," anatero akazi awo.

Achimwene awo a mayiwo ndi mmisiri womanga nyumba, munthu woti akapaka khoma pulasitala ntchentche imaterereka. A Dokotala sankawawerengera konse, koma akanatani? Anawapeza pa ntchito, simenti mpaka m'nsidze.

"Alamu, chimenechi n'chachiyani?" anafunsa mmisiriyo akuchitembenuza.

"Simungamve, alamu. Mungochikonza kuti munthu akachizunguza chizioneka chimodzimodzi."

"Mbali zonse?"

"Eya, eya, mbali zonse."

"Nanga ming'alu iyi? Ndi mabowowa?"

A Dokotala maso anali pa wotchi. "Chilichonse chowonongeka mukonze. Lachisanu m'mawa chikhale chitafika."

Lachisanu linakwana, alamu osaoneka. Foni: "Chikuuma, alamu, musade nkhawa." A Dokotala analowa mu holo chimanjamanja. Kutsogolo kunakhala komiti, anthu asanu, pakati pawo profesa wokalamba wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Pambali, mkulu wa dipatimenti, amene anali asanadziwe kuti kabati yake ili pululu.

Koma kuyankhula anayankhula, abale! Choko chinatha, anatulutsa china. Bolodi linadzaza. Nambala ija anaitchula katatu, akumenya tebulo: "Njira zake zimatha! Ndi 120, osati 121!" Profesa wokalamba uja anagwedeza mutu, ndipo a Dokotala anaona mpando ukuwayandikira.

Pomwepo chitseko kwee! Alamu, atavala ovolosi yochapa, atanyamula katundu wokutidwa ndi nsalu ya patebulo ya kunyumba kwawo. Anamuika kutsogolo mwaulemu, n'kukakhala kumbuyo.

Munthu wanzeru akanasuzumira kaye. A Dokotala ayi. "Tsopano, akuluakulu, muone ndi maso anu," anatero, n'kukoka nsalu ija ngati wamatsenga.



Patebulo panali mpira. Mpira woyera, waukulu ngati dzungu, wosalala ngati dzira. Alamu anali atagwira ntchito ndi mtima wonse: mizere 27 ija anaimata poyesa ming'alu, mabowo anatseka, nyanga yotsala anaikwirira, kenako n'kupala ndi sandipepa usana wonse wa Lachinayi mpaka pasapezeke mbali yosiyana ndi inzake.

Mkulu wa dipatimenti, podziwa kuti chiboliboli cha masamu amenewa n'chimodzi chokha pa yunivesite yonse, anadzuka pang'onopang'ono. "Dokotala, chimenecho si cha mu kabati yanga?"

"Chili... chili m'kati mwa mpiramo, bwana."

Profesa wokalamba anatsitsa magalasi apamutu, n'kubwera pafupi. Anazunguza mpira uja pang'ono: chimodzimodzi. Anazunguzanso kachidutswa kochepetsetsa: chimodzimodzi. Anaugadamiza: chimodzimodzi.

"Dokotala, mwati njira zake zimatha. Za ichi ndi zingati?"

A Dokotala anadziwa yankho, ndipo n'limene linawapweteka. Mpira ungauzunguze mulimonse, njira zake zilibe polekezera. Anayankha ndi mawu a munthu wodwala: "Sizitha, bwana."

Alamu kumbuyo kuja anamva ngati awayamikira. Anaimirira, chipewa m'manja. "Zoona, bwana, sizitha! Zunguzani mpaka mawa, simupeza polakwika. Alamu angawa anati mbali zonse, ine ndachita mbali zonse!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Dokotala analakalaka pansi patang'ambika.

Komiti inati za uprofesa adikirenso zaka ziwiri, ndipo mkulu wa dipatimenti anawauza kuti m'zaka ziwirizo akhale akusenda mpirawo ndi kampeni mpaka chiboliboli chake chituluke. Akutuluka mu holo mutu uli pansi, anamva profesa wokalamba uja akuwathamangira. Anatembenuka msanga: kapena asintha maganizo!

"Dokotala, pepani," anatero profesayo akupuma wefuwefu. "Alamu anu aja, nambala yawo ya foni muli nayo? Khoma la kunyumba kwanga lang'aluka."