Malata a Nankhoma

Ana inu, mvulayi sikata msanga, ndiye sendezani mipando kuno. Mwambi mukufunsawo unayamba motere.

Ku Chinsapo kunali bambo wina, a Dzombe, amene anagwira ntchito yaulonda mpaka kumera imvi. Iwo ndi akazi awo, Nankhoma, anakalambira m'nyumba zalendi, zaudzu, zothonya. Mvula ikamagwa Nankhoma ankatchera mabeseni pakama, a Dzombe n'kumati, "Pirira mayi, ndikadzapuma ntchito udzagona pansi pa malata." Mayiyo sankapempha china kwa mwamuna wake. Malata basi.

A Dzombe atapuma ntchito analandira kangachepe, nagula puloti ndi malata okwanira nyumba imodzi. Nankhoma ankawapukuta ndi chitenje ngati mbale za alendo.

Ndiye kunatulukira a Chikuse, dobadoba wa mapuloti, munthu wapakamwa potsekemera.

"Achimwene, nyumba imodzi ndi yongogonamo," anatero a Chikuse. "Ziwiri ndiye ulandilodi. Mwezi ukatha anthu amabwera okha kudzakugwadirani."

"Nanga malata? Ndi a nyumba imodzi."

"Agaweni pakati. Chipinda chimodzi uku, chimodzi uko. Muikemo anthu, lendi yawo idzafolera zotsalazo."

A Dzombe anaona ngati kumwamba kwatseguka. Anagula puloti yachiwiri kutsidya kwa khwawa, ndalama za mawindo n'kuthera pomwepo. Nyumba ziwiri zazidina zinaima, zamdima, iliyonse denga litafoleredwa theka. Anthu a m'deralo anazitcha mapanga.

"Abambo, nanga ife tigona kuti?" anafunsa Nankhoma.

"M'chipinda chopanda dengachi. Tikoka pepala lapulasitiki kwa miyezi yochepa. Mwini nyumba ziwiri angasowe pogona?"

Nankhoma anangoyang'ana malata ake akukhomedwa pamutu pa anthu ena.

Nyumba yoyamba analowamo mphunzitsi, yakutsidya mayi wogulitsa makala. Lendi yoyamba itabwera, mukuganiza kuti a Dzombe anagula lata? Anagula jekete, ati landilodi sayenda ndi malaya okha. Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Lendi zotsatira zinathera m'mimba.

Mvula yoyamba inabwera masana, ndi chimphepo. Pepala lija linauluka osatsanzika. A Dzombe anathamangira chitseko cha mphunzitsi, koma chinali chokhoma ndi loko, mwini wake ali kusukulu.

"Usade nkhawa mayi, tili ndi ina," anatero. "Senza matiresi."

Nankhoma anali akutsokomola kale masiku amenewo, koma anasenza. Anawoloka khwawa madzi ali m'mawondo. Kutsidya anapeza chipinda chadzaza matumba a makala mpaka pakhomo, mayi uja atapanikizika pakati.

"Pepani a landilodi," anatero mayiyo. "Ndikatulutsa makalawa anyowa. Akanyowa, lendi yanu ichokera kuti?"

A Dzombe anakanda mutu. "Mayiwa akunena zoona," anauza akazi awo. "Tibwerere, mwina aphunzitsi aweruka."

"Abambo, ndazizidwa."

"Pirira mayi."

Pofika pakhwawa anapeza madzi asefukira, osawolokeka. Anaima pamtunda, nyumba ina kumaso, ina kumbuyo, mvula ikuwakhuthukira mpaka dzuwa kulowa. A Dzombe anavula jekete ija n'kufunditsa akazi awo, koma inali itanyowa kale.

Nankhoma anadwala chibayo. Sabata isanathe, anatisiya.

Tsiku la maliro mvula inagwanso. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anati pafunike chovundikira bokosi kuti matope asaligwere. Mphunzitsi, manyazi atamugwira, anati akazule lata limodzi padenga lake. Analibweretsa, likadali ndi mabowo a misomali, nalitsitsira m'manda pamwamba pa bokosi.

A Dzombe anasendera m'mphepete mwa dzenje. Anayang'ana lata lija nthawi yaitali, kenaka anati, "Mayi, malata aja ndi amenewo." Analira ngati mwana, ndipo ngakhale amene ankawaseka aja anagwetsa nkhope.

Mdzukulu wina wachikulire, atatsamira fosholo yake, anayang'ana tsidya ili ndi tsidya ilo, napukusa mutu. Analankhula motsitsa, koma aliyense anamva:

"Mapanga awiri avumbwitsa."