Bomba la m'Chigubu cha Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la nanazi khutu lakumanzere limayamba kulira. Ndifotokoze ndekha, chifukwa mlamu wanga Jelasi akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Ine ndine mkamwini kwa Milonde. Nthawi imeneyo ndinali nditapempha kuti nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu, ndipo apongozi anali atati akuonabe kaye ngati ndili ndi mutu.

Loweruka lina ine ndi Jelasi tinakaonera filimu pa Chonde. Bomba linaphulika, galimoto n'kuuluka, koma mwini filimu ankangoyenda mwachifatse osacheuka. Malaya okha ndiwo anang'ambika.

"Bodza ili, alamu," anatero Jelasi. "Munthu ameneyu akanasanduka ndiwo."

Zinandiwawa. Sayansi ndinaiphunzira mpaka Folomu 4 (zotsatira zake tisazifukule). Ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Galimoto ija ndinati ikulemera ngati matumba makumi awiri a chimanga, ndipo inakwera kufika pansonga ya mtengo wa mango. Mphamvu yake ndinaigawa ndi mtunda. Yankho linatuluka loyera: mapazi khumi kuchoka pa bomba, munthu sakandika n'komwe.

"Masamu a padothi amafufutika ndi nkhuku," anatero Jelasi.

Basi ndinalumbira kuti aona ndi maso. Ndinatenga chigubu chotungira madzi cha apongozi (ndinati ndabwereka, kungoti eni ake sanadziwe), ndinathiramo makoko a nanazi, shuga ndi yisiti, n'kutseka kuti ndi! Chinakhala padzuwa kuseri kwa khola masiku atatu mpaka chinatupa ngati mbuzi yodya chinangwa.

Tinachiika pambali pa kanjira ka kudimba. Tinapangana kuti Jelasi abisale kuseri kwa nthochi ndi legeni, awerenge mpaka khumi, kenako alase. Ine ndiziyenda ngati mkulu uja, osacheuka.

Ndinaponda kamodzi, kawiri, katatu, chifuwa patsogolo. Pa phazi lachinayi, ndani uyo akutulukira pakona ndi mtolo wa nkhwani pamutu? Apongozi!

Inu mukudziwa, mkamwini sapingasana ndi apongozi pakanjira. Miyendo sinafunse mutu. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinapatuka, n'kunjuta mwaulemu manja pamodzi, pambali penipeni pa chigubu. Uko Jelasi, amene ankangoona chigubu chokha pakati pa masamba, anali pa "naini".

Phuuu!

Chitsekerero chinandipeza pakhutu. Ndinakuwa "Mayo ine!" n'kuthawa mosaona, ndipo ndinadzapezeka ndagwira mwendo wa apongozi ndi manja awiri, thovu la nanazi likuyenderera m'kolala. Munthu amene sindinayambe ndamuyang'anapo m'maso! Manyazi ake ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Iwo sanagwetse ngakhale tsamba limodzi. Anayang'ana zidutswa za chigubu, kenako anayang'ana kumbali monga mwa mwambo.

"Bambo, mwavulala?"

"Ayi, amayi. Timayesa sayansi."

"Chabwino. Chigubu mwachisamala chonchi. Ndiye mwana wanga ndikupatseni mupite naye kutali?"

Anadutsa mwachifatse, osacheuka. Jelasi anatuluka m'nthochi misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. "Alamu, mwawina! Munthu wosakandika ndi bomba alipodi. Si uyo akupitayo?"

Papita zaka ziwiri, ndikadali kwa Milonde, ndipo madzi a apongozi ndimatunga ndine. Koma masamu aja ndawabwereza kangapo, ndipo sanalakwike. Apongozi anali pa mapazi khumi ndendende.