Chimbale cha a Zikhalo pa Mlandu wa Tambala

Inu, tamverani za a Zikhalo a ku Lobi, mphunzitsi wopuma uja mukawapatsa moni amakuyankhani ndi phunziro. Bambo amenewa ali ndi chimbale chimodzi cha nyimbo za roko chimene amachikonda kuposa munda wawo. Oimba ake ndi azungu atsitsi lalitali, magitala olira ngati chigayo. Enafe timangomva phokoso, koma iwo amati mmenemo muli nzeru zakuya. Amati chimbale chonsecho ndi nkhani imodzi ya banja, ndipo wodumpha nyimbo sasiyana ndi munthu wolowa m'tchalitchi Misa ili pakati.

Tsono Collins, mwana wa mlongo wawo, anakwatira ku Chimbiya, n'kumakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake Pilira. Tsiku lina anapha tambala yemwe Pilira ankasungira alendo a mphakati, n'kudya ndi anzake a bawo. Pilira anapsa mtima, naitanitsa ankhoswe. Mlandu wotere ngwachabechabe, mukudziwa nonse: mwamuna apepesa, alonjeza nkhuku ina, anthu amwa thobwa, nkhani yatha. Ngakhale a Levison, nkhoswe ya kuchikazi, anangosiya khasu m'munda wa mbatatesi poganiza kuti abwerera posachedwa.

Koma a Zikhalo, nkhoswe ya kuchimuna, anatulukira atakolekera sipika ya sola paphewa. Anauza Collins kuti atseke pakamwa, chifukwa banja silimangidwa ndi mawu a munthu wosawerenga. Analonjeza kuti pofika nyimbo yomaliza, aliyense pakhondepo adzakhala akulira ndi kukumbatirana. Chofunika n'kuyambira poyambira basi, iwo azimasulira.

Pa kumasulira pokha ndiwapatse ulemu, amatha. Anatsinzina, dzanja pachifuwa, nafotokoza kuti m'nyimbo yoyamba mkazi akudandaula kuti mwamuna amalowa m'nyumba osafunsa n'komwe kuti waswera bwanji. Pilira, yemwe anali chiweramire, anadzutsa mutu. M'nyimbo yachiwiri mwamuna analonjeza nyumba yabwino, koma mpaka lero akugona modontha. Pilira anayang'ana denga la udzu, kenako n'kuyang'ana Collins. M'nyimbo yachitatu mkazi akuti utsikana wake wonse wathera kudikira munthu wosasintha. Apa mayi ake a Pilira anayamba kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo a Levison anafunsa mwaulemu ngati azunguwo anakhalako ku Chimbiya.

Funso limeneli linawakomera a Zikhalo ngati uchi. Anati luso lenileni ndi lomwelo: wopeka nyimbo amalemba ali kutsidya kwa nyanja, koma amalasa mtima wa munthu wa ku Dedza. Sanaone kuti Collins akutuluka thukuta, chonsecho kunali chiperoni chozizira cholowa m'mafupa.

"Amalume, dumphani mufike kumapeto," anawanong'oneza.

"Sitidumpha. Walira mvula walira matope."

Abale inu, mmene chimbale chimafika pakati, za tambala zinali zitaiwalika. Nyimbo iliyonse inkamukumbutsa Pilira chinthu china: njinga yake imene Collins anaithyola foloko, ubatizo wa mwana wawo umene bambo a mwanayo anafika akununkha kachasu, nyemba zimene anakolola yekha ali ndi pakati. A Zikhalo ankangogwedeza mutu mokondwa kuti apeza wophunzira womvetsa.

Itatsala nyimbo imodzi, inafika ija mkazi amatulutsa zovala za mwamuna panja. A Zikhalo anaimirira kumene, kufotokoza mmene ng'oma ikulirira ngati chitseko chomenyetsedwa. Ali pakati pofotokoza, sipika inangoti zii. Sabata yonseyo dzuwa linali lisanaoneke, batire lathera pompo. Anaigwedeza, anaimenya, anaikweza kumwamba, koma kumwambako kunali nkhungu yokhayokha.

A Levison anawapempha kuti angonena ndi pakamwa mmene nkhaniyo imathera. A Zikhalo anakana kwamtuwagalu. Anati mawu a nyimbo yomaliza popanda gitala lake ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo iwo sangachite chipongwe chotere kwa oimba. Anthu adikire dzuwa.

"Musavutike, amalume, ndamva kale," anatero Pilira mofatsa. "Ine ndimayesa vuto ndi tambala."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi thumba la zovala za Collins. A Levison anangokumbutsa mwambo: mkamwini akachotsedwa amabwerera kwa malume ake.

Dzuwa linadzawala patapita masiku, Collins ali ku Lobi, akumaliza chimanga cha m'nkhokwe ya a Zikhalo. Anaimva nyimbo yomaliza ija mtima uli m'mwamba, chifukwa iye ankamufunabe ndithu mkazi wakeyo. Atafunsa tanthauzo, amalume anati mwamuna wagwada, akuti pepa. Collins anadikira zina, koma kunalibe. Zonsezo zija, magitala ndi ng'oma, nkhani yake inali pepa basi.

Sanadye n'komwe, anakwera kabaza wa ku Chimbiya, nakagwada pakhomo pamaso pa apongozi, napepesa mpaka mawu kusasa. Pilira anamvetsera bwinobwino, akusenda mbatatesi.

"Ndamva," anatero. "Ukawauze amalume anditumizire chimbale chija pa foni, ndachikonda. Koma yomalizayo asavutike nayo."